Kwa Chembe mwinimudzi wasanduka mlendo

Boma lililonse limene lalamula dziko lino chiyambire 1994 lakhala likutiimbira nyimbo imodzimodzi, yoti ntchito yokopa alendo ndiyo idzatiwombole fodya akadzasowa msika. Nduna zasintha, maina a unduna asintha, koma nyimbo ndi yomweyo. Boma la a Lazarus Chakwera, lomwe lidalamula kuyambira 2020 mpaka 2025, lidachita kuipatsa dzina loti ATM, kutanthauza ulimi, zokopa alendo ndi migodi, ndipo mu Febuluwale 2024 lidachotsa visa kwa nzika za maiko 79 kuti alendo azilowa mosavuta. Ine zoitana alendo sindikutsutsa ayi. Chomwe chikundiwawa n'chakuti timawerenga alendo otera pa Chileka ndi ku Lumbadzi, timawerenga madola amene abwera nawo, koma palibe amene amapita kukawerenga zomwe zamutsalira mwinimudzi kumene alendowo amakagona.

Ndiye lero, awerengi, tiyeni tipite kwa Chembe m'dera la mfumu yaikulu Nankumba ku Mangochi. Ena mwadabwa kale kuti kwa Chembe n'kuti. Ndikati ku Cape Maclear ndiye mwadziwa nonse, popeza ndiko mumakadyera Khirisimasi ndi Pasaka. Vuto layambira pomwepo. David Livingstone, amene adafika pa nyanja yathu mu 1859, ndiye adatcha malowa dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi yemwe ankagwira ntchito ku Cape Town. Dzina la munthu woyang'ana kumwamba ali ku Cape Town lili m'mabuku onse a alendo, pamene dzina la mudzi wa anthu oposa 10,000 okhala pa mchenga womwewo ngakhale a Malawi ambiri salidziwa. Mudzi umene umatchedwa ndi dzina la mlendo suchedwa kuiwalika kuti uli ndi eni ake.

Malo amenewa adayamba kalekale kulandira alendo, ndipo mbiri yake ikadayenera kutiphunzitsa kanthu. Mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr Robert Laws, adafika ndi sitima ya Ilala namanga mishoni yoyamba ya Livingstonia pamalopa. Chilolezo adakapempha kwa mfumu Mponda, kutali uko kumene Shire amatulukira m'nyanja. Malungo atawatha mphamvu adasamukira ku Bandawe mu 1881, kusiya manda a anzawo omwe alendo amakajambula mpaka lero. Mu 1949 kampani ya ndege ya ku Britain ya BOAC idayamba kuteretsa ndege zake zotera pamadzi pa Cape Maclear paulendo wopita ku Johannesburg, ndipo padali hotela yolandira apaulendowo. Pofika kumapeto kwa 1950 ndegezo zidaleka kubwera, hotela nayo idafa. Akuluakulu adanena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene amatsala ndi mwinimudzi, pamodzi ndi zonse zimene mlendo wasiya, zabwino ndi zoipa zomwe.

M'nthawi ya a Kamuzu Banda mudali lamulo la kavalidwe la 1973 loletsa amayi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa polowa m'dziko. Koma kumalo ochezera alendo lamulo lija linkafewa. Mayi wa ku Ndirande ankatha kugwidwa kamba ka chovala chomwe mlendo ankayenda nacho mwamtendere kunyanja. Lamulolo lidapita ndi chipani chimodzi, ndipo palibe akulilira. Chomwe chidatsala ndi mzimu wake, woti kunyanja kuli malamulo awiri, lina la wobwera ndi ndalama, lina la wobadwira pomwepo.

Taonani nkhani ya paki. Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika pakiyi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chake n'chomveka. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo timbuna tokongola tija ta m'miyala ya ku Thumbi, Domwe ndi Mumbo sitipezeka kwina kulikonse. Kuteteza zimenezi ndi nzeru, ndipo ine ndili mbali yomweyo. Koma midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale idangodzuka m'mawa itazunguliridwa ndi paki. Msodzi saloledwa kuponya ukonde pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba zake. Mayi wofuna nkhuni zouma m'phiri limene agogo ake ankatolamo ayenera kukhala ndi chiphaso. Mtengo wa kusunga chilengedwe akulipira ndi anthu amenewa, tsiku ndi tsiku, ndi mimba zawo ndi misana yawo.

Nanga phindu lake akudya ndani? Mlendo amakwera boti kupita ku Thumbi, namwaza buledi m'madzi kuti mbuna zimuunjirire ajambule bwino. Woyendetsa boti amaimba mluzu, naponya nsomba kuti nkhwazi itsike mlendo aombe m'manja. Nkhwazi yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu taisandutsa yopemphetsa. Kodi kudyetsa nsomba za m'paki buledi wa ku bekale ndiko kusamala chilengedwe? Mwana wa msodzi akaponya mbedza pamwala womwewo kuti apeze ndiwo ndiye waphwanya lamulo. Pali dongosolo loti gawo la ndalama zolipira polowa m'paki lizibwerera kumidzi yozungulira. Zabwino zedi. Tsono ndalamazo zizilembedwa poyera, zipachikidwe pa mtengo wa bwalo la mfumu, kuti mayi wonyamula nkhuni uja aziwerenga yekha kuti chaka chino zalowa zingati ndipo zagula chiyani.

Tibwere ku nkhani yaikulu, ya malo. Chuma cha mudzi wa asodzi ndi gombe. Pagombe ndi pokocheza mabwato, posokera chilimira, poyanika usipa pa thandala, pochapa, potsuka mbale, potunga madzi ndi posambitsa ana. Mlendo naye chimene amafuna ndi gombe lomwelo, popeza palibe amalipira ndege kuchokera ku London kuti adzagone kuseri kwa phiri. Ndiye wofuna kumanga loji amapita kwa banja limene lili ndi malo oyang'anana ndi madzi, chaka cha njala kapena mwezi wa fizi, natulutsa ndalama zomwe banjalo silidagwirepo chibadwire. Amfumu amadinda chidindo, mapepala amapita ku Lilongwe, ndipo malo a makolo amabwerako atasanduka lizi ya zaka zambirimbiri. Ndalama zija zimagula malata, njinga ndi injini ya boti, pakatha zaka zitatu zatha. Malo aja sabwerera. Mdzukulu wa banjalo mukamupeza pageti ali mlonda, akuthamangitsa ana a achimwene ake kuti asasokose pomwe bwana akupuma.

Kwa Chembe mchenga sudatsekeretu. Ukayenda m'mphepete mwa madzi umapezabe amayi akuchapa pafupi ndi alendo owothera dzuwa, ndipo ambiri mwa alendo amati chimenechi ndicho chimawakoka. Koma wofuna kudziwa kumene zinthu zikulowera ayende pa msewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, adutse Namiasi, Nkopola, Makawa mpaka Nkhudzi Bay. Awerenge mipanda, mageti ndi zikwangwani zoletsa kulowa. Afunse amayi a m'midzi ya kumtunda kwa msewu kuti amazungulira mtunda wautali bwanji kuti apeze kanjira kotsikira kumadzi. Nyanja yoti anthu adabadwa akuiona pakhomo lero amachita kuisuzumira pa mpata wa mipanda iwiri.

Apa ndiye ndikufuna ndilankhule ndi inu mabwana ndi madona a mu Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, amene mwagula nyuzipepala ino. Nkhani ya alendo ikayamba timathamangira kuloza azungu, ngati kuti mipanda yonse ija adamanga ndi iwo. Makoteji ambiri a m'mbali mwa msewu umenewu ndi a makampani a konkuno, a mabanki, a andale ndi a inu amene mudachita mwayi pa ntchito. Mu 2022 nyumba ya malamulo idasintha malamulo a malo pofuna kukhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika, ndipo tidaomba m'manja. Koma kwa mayi wofuna kutunga madzi, mpanda wa Mmalawi ndi mpanda wa mzungu kutalika kwake n'chimodzimodzi. Nyumba zimenezi zimakhala zotseka pafupifupi chaka chonse, mwini wake amabwera kawiri kapena katatu, komabe gombe lake ndi loletsedwa masiku onse 365.

Ndipo mukabwerako pa tchuthi mumasiya chiyani? Zakumwa mumagula m'tauni, nyama mumanyamula m'tauni, mafuta mumathira m'tauni. Kumudzi mumasiyako mabotolo osweka mumchenga momwe ana amayenda opanda nsapato, majumbo, matewera a ana ndi phokoso la zimbale mpaka mbandakucha pafupi ndi nyumba za anthu amene agwira ntchito usiku wonse panyanja. Chambo mumachita kunenerera mpaka msodzi agonje, chonsecho mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo m'gulu la nsomba zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Mlendo wa ku Germany mwina sadziwa mwambo wathu. Nanga inu, amene kwanu kuli agogo, mumayenda bwanji ndi kabudula wamkati pakati pa mudzi, pamaso pa apongozi a eni ake?

Ena ati bambo inu mukuiwala ntchito zimene malojiwa abweretsa. Sindikuiwala. Alipo ophika, operekera zakudya, oyala mabedi, alonda, oyendetsa maboti, osema ziboliboli ndi osoka mikanda, ndipo mabanja ambiri akudya kuchokera pamenepo. Koma tiyeni tiike manambala pathebulo. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adali K90,000 pamwezi, omwe pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo adali madola 50 ndi pang'ono. Panyanja pathu pali malo pomwe mlendo mmodzi amalipira kuposa pamenepo pa usiku umodzi wokha. Komanso mlendo wodula amalipiriratu ulendo wonse ali kwawo, kudzera kwa makampani a maulendo ndi pa intaneti, moti gawo lalikulu la ndalama zake silioloka n'komwe malire athu. Kwa Chembe kumafika zotsalira, za malipiro ndi za tomato. Nchifukwa chiyani patatha zaka zoposa 30 alendo akukhamukira kumudziku, ana obadwira pomwepo amene ali ndi loji yawoyawo yoyang'ana kumadzi ndi owerengeka?

Ndipo ntchitozo n'zolimba bwanji? Mu 2020 matenda a Covid-19 atafika, ndege zonyamula anthu zidaleka kutera m'dziko muno kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Maloji adatseka, antchito adauzidwa kuti akadikire kunyumba, osema ziboliboli adasowa wogula. Zomwe zidachitika mu 1950 zidabwereza. Amene adapulumutsa midzi ya kunyanja ndi usipa ndi utaka, ntchito yomwe olemba mapulani a zokopa alendo amaiona ngati yonunkha ndi yoipitsa gombe. Mudzi ukagulitsa dooko lake kuti udalire mlendo, tsiku lomwe mlendo wasiya kubwera udzakocheza pati bwato?

Za ana ndiye zimandidula mtima. Mlendo wamtima wabwino amagawa maswiti, mabolopeni ndi timakobiri kwa ana amene amuthamangira, nawajambula osapempha makolo, chithunzi n'kuchiika pa Facebook kuti anzake aone umphawi wa ku Africa. Iye amapita akuganiza kuti wathandiza. Mwana uja waphunzira kuti kutambasula dzanja kumalipira msanga kusiyana ndi kukhala m'kalasi. Akasinkhuka amasanduka mmodzi wa anyamata omwe timawatcha ma beach boy, wodziwa Chingerezi cha pamchenga, wogulitsa ulendo wa pa boti, mikanda, nthawi zina chamba, nthawi zina thupi lake, akulota tsiku lomwe mlendo wina adzamutengere kunja. Sindikunyoza anyamatawa. Ambiri ndi akhama, ndipo akuchita zomwe msika wawaphunzitsa. Atsikana nawo ali pa mayesero omwewo, ndipo tisanamizane, amene amawakodola ndi ndalama za alawansi pa misonkhano ya kunyanja nthawi zambiri amalankhula Chichewa chomwechi.

Pa zaumoyo napo pali malamulo awiri aja. Likodzo la ku Cape Maclear lidamveka kunja mu 1992, pamene anthu awiri a ku America a bungwe la Peace Corps adadwala kwambiri atasamba kumeneko. Mabuku a alendo adayamba kuchenjeza, ndipo mlendo amadziwa kuti akachoka agule mankhwala a praziquantel. Ofufuza, mmodzi mwa iwo Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University, adaonetsa kuti nsomba zodya nkhono zitachepa kamba ka makoka a m'mphepete, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka. Kafukufuku adapezanso kuti m'masukulu a m'mbali mwa nyanja kuderali ana oposa theka adali ndi matendawa. Ana amenewa adali akukodza magazi mlendo asanadwale, koma nkhani idakula pamene matenda adakhudza wobwera pa ndege. Chipatala chodziwika cha kwa Chembe, Billy Riordan Memorial Clinic, chidatsegulidwa mu 2004 ndi mayi wa ku Ireland pokumbukira mwana wake amene adamira m'nyanjamo mu 1999. Mayiyu Mulungu amudalitse. Koma manyazi atigwire, kuti mudzi wotchuka chotere, womwe chithunzi chake chimakongoletsa mapepala oitanira alendo, udachita kudikira maliro a mlendo kuti upeze chipatala.

Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi idali m'gulu la maboma omwe adavutika koposa. Mu 2024 madzi a nyanja adakwera kufika pomwe adali asanafike kwa zaka zambiri, nalowa m'maloji ndi m'makoteji ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Eni ake adalira pa wailesi, ndipo n'zomvetsa chisoni ndithu. Koma madziwo adaulula kuti ambiri adamanga pomwe nyanja imafika ikakwiya. Ndani adavomereza mapulani amenewo? Nanga madzi atalowa m'zipinda, maenje a zimbudzi okumbidwa mumchenga adawalambalala? Amene amamwa madzi a m'mphepetemo ndi mwinimudzi, mlendo amamwa a m'botolo.

Wina anena kuti kulankhula chonchi n'kuopseza alendo ndi oika ndalama, ndipo dziko losauka silisankha. Ayi ndithu. Mzinda wa Venice ku Italy udayamba mu Epulo 2024 kulipiritsa mayuro 5 kwa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku a chipwirikiti. Dziko la Thailand lidatseka gombe la Maya Bay mu 2018 alendo atawononga zamoyo za m'madzi, ndipo lidatsegulanso mu 2022 ndi malamulo okhwima. Ku Barcelona mu 2024 eni mzinda adachita zionetsero mpaka kuthira alendo madzi, atatopa ndi kukwera kwa lendi. Onsewa adadikira mpaka zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Ife tili ndi mwayi woti alendo athu akadali ochepa, ndipo tingathe kuika malire lero mopanda mkangano. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo tisamanamizidwe kuti anthu a kunyanja sangathe kusamala chuma chawo popanda wochokera kutali. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, pansi pa mfumu Makanjira ya kumeneko, asodzi akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo pachilumbapo mowa ndi njuga n'zoletsedwa. Lamulo limeneli lagwira ntchito chifukwa eni ake ndiwo adalipanga ndipo phindu lake amaliona okha. Anthu a kwa Chembe sadapatsidwe mpata wotere pa nkhani ya alendo. Amaitanidwa kudzavina nduna ikabwera, mapulani atalembedwa kale.

Tsono zomwe ndikupempha si zodula. Khonsolo ya Mangochi iyeze ndi kulemba njira zotsikira kunyanja m'mudzi uliwonse, pamodzi ndi madooko a asodzi, ndipo mpanda uliwonse wotseka njira zimenezi ugwe, kaya ndi wa mzungu, wa banki kapena wa nduna. Malo a m'mphepete mwa madzi asamagulitsidwe kamodzi n'kutha. Azibwereketsedwa kwa zaka zowerengeka, banja ndi mudzi zizilandira lendi chaka ndi chaka, ndipo pangano liziwerengedwa m'Chichewa kapena m'Chiyao pabwalo anthu onse akumva. Msonkho wa 1 peresenti umene mlendo amalipira pa bilu ya hotela usamathere kuitanira alendo ena okhaokha, gawo lake lizimanga zimbudzi, mipope ndi motaya zinyalala m'midzi yomwe alendowo amagona. Mabanki amene ali ndi makoteji kunyanja atsegule ngongole zoti ana a kumeneko amange malo awoawo ogona alendo. Ndipo oyendera zaumoyo aziyendera maenje a zimbudzi za maloji monga momwe amavutitsira mayi wogulitsa mandasi pamsika.

Kwa eni maloji amene mumalipira bwino antchito, mumagula ndiwo kumudzi ndipo simudatseke gombe, mulipo ndipo anthu amakudziwani. Malamulo amenewa sangakupwetekeni, adzakutetezani kwa anzanu adyera amene akuipitsa mbiri ya nonse. Kwa mafumu athu, ndi ulemu wonse, chidindo chimene muli nacho mudachilandira kuti musungire ana osabadwa, ndipo ndalama ya chidindo imatha msanga kuposa lizi. Kwa aphungu a ku Mangochi, nkhaniyi tikufuna tiimve m'nyumba ya malamulo.

Kwa inu awerengi, Pasaka ikubwerayi pitani kunyanja ndithu, nyanja ndi yanu. Koma mukafika kapatseni moni eni mudzi, gulani nsomba pa mtengo wake, nyamulani zinyalala zanu, ndipo mufunse mwini loji kuti malo amenewo adali a yani ndipo banjalo lili kuti lero. Akakuyankhani mokhumudwa, dziwani kuti funsolo lafika pamalo pake. Mwambo wathu umati mlendo timamuyalira mphasa ndi kumuphera nkhuku. Palibe pomwe umati mwininyumba atuluke akagone pakhonde.